Tomato akada kunsi, funsani za madzi a masabata atatu apitawo

Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likayamba kuswa mtengo, m'madimba ambiri mumabuka dandaulo lofanana. Tomato wakula bwinobwino, wabereka, matsango ali lendelende, koma ukatembenuza chipatso upeza kunsi kwake kuli chibanga chakuda, cholowa m'kati, cholimba ukachikhudza. Mlimi amathyola chipatso chimodzi n'kupita nacho kwa ogulitsa zipangizo zaulimi pamsika, ndipo nthawi zambiri amabwerako ndi paketi ya mankhwala a chiwawu. Apopera kawiri, katatu. Tsango lotsatira lidanso chimodzimodzi.

Ndalama imeneyo yalowa m'madzi, chifukwa chibangacho sichinayambitsidwe ndi tizilombo. Chinayamba masabata awiri kapena atatu m'mbuyomo, chipatso chikadali chaching'ono chobiriwira, pamene chitsime chinaphwa, kapena pampu inafa, kapena banja lonse linali kumaliro masiku atatu dimba osathiriridwa. Pobwerera anakhuthula madzi ambiri kuti abweze amene anasowa. Masamba anadzuka, dimba linaoneka bwino, aliyense n'kuiwala. Koma chipatso chinali chitavulala kale.

Nkhani ya madzi pa tomato imavutira pamenepa. Zotsatira zake zimachedwa kuoneka, ndipo zikaoneka zimafanana ndi matenda. Komanso vuto silikhala kuchepa kwa madzi kokha ayi. Madzi ochuluka nawo amafotetsa tomato, ndipo choononga kwambiri pa zonse ndi kudumphadumpha: lero dothi lili gwa, mawa lili thope lokhalokha.

Amamwa madzi ochuluka bwanji

Pa magawo 100 a kulemera kwa tomato wakupsa, pafupifupi 94 kapena 95 ndi madzi. Zonse zimene lilime limamva, shuga, kuwawasa, kafungo kaja, zili m'magawo 5 kapena 6 otsalawo. Komatu madzi okhala m'zipatso ndi ochepa zedi poyerekeza ndi amene mbewu imamwa. Ochuluka amangodutsa: alowa kumizu, akwera m'tsinde, atulukira m'masamba n'kumapita mumlengalenga.

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, limawerengera kuti tomato wa m'munda amafuna madzi a pakati pa mamilimita 400 ndi 600 kuchokera pomuwokera mpaka kumaliza kukolola, nyengo ya masiku 90 mpaka 120. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Tiyerekeze kuti mwabzala motalikirana masentimita 90 pakati pa mizere ndi masentimita 60 pakati pa mapando. Phando lililonse latenga malo opitirira pang'ono theka la sikweya mita, ndiye pa mamilimita 500 phando limodzi lifuna malita 270, kapena kuti ndowa za malita 20 zokwana 13 ndi theka. Wa mapando 1,000 adziwe kuti akukamba za ndowa 13,500. Amene anathirirapo ndi kheni kuchokera pachitsime sangadabwe ndi nambala imeneyi, msana wake umaidziwa.

Madziwa safunika mofanana tsiku lililonse. Mbande yongowokedwa kumene imamwa osakwana theka la amene idzamwe ikadzakuta mzere ndi masamba. Ikafika pa maluwa ndi zipatso, tsiku lotentha lamphepo phando limodzi litha kutaya malita 3 kapena 4. Tsoka la madimba athu n'lakuti tomato wowokedwa mu Julayi kapena Ogasiti amafika pa ludzu lake lalikulu nthawi yomweyo imene zitsime ndi timitsinje zikuphwa.

Zochitika m'kati mbewu isanafote

Ambiri timazindikira kuti mbewu ili ndi ludzu ikafota. Pofika apo zambiri zimakhala zitachitika kale. Choyamba kuima ndi kukula. Tsamba lanthete, nsonga ya tsinde ndi chipatso zimakula chifukwa maselo ake, tizipinda tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi la mbewu, amakoka madzi n'kufufuma, ndipo mphamvu ya madziwo ndiyo imakankha khoma la selo kuti litambasuke. Madzi akangochepa pang'ono m'dothi kukankhako kumachepa, kukula n'kuima, masamba ali chilili, obiriwira bwinobwino. N'chifukwa chake tomato wothiriridwa moperewera sakhala wofota nthawi zonse. Amangokhala wamfupi, mfundo zoyandikana, masamba aang'ono okhuthala, obiriwira moderako. Mlimi amati mbewu yapinimbira, n'kuyamba kukayikira feteleza kapena amene anamugulitsa mbewu.

Chachiwiri chimachitikira pa tsamba, makamaka kunsi kwake. Kumeneko kuli timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso timene akatswiri amatitcha stomata. Madzi amatulukira m'menemo, ndipo mpweya wa carbon dioxide, umene tsamba limapangira shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, umaloweranso momwemo. Khomo ndi limodzi. Dothi likauma mbewu imachulukitsa homoni (mankhwala onyamula uthenga m'thupi mwake) yotchedwa abscisic acid, mwachidule ABA, ndipo homoniyi imatseketsa timabowoto. Tomato yemweyu anathandiza kuti zimenezi zidziwike. Mu 1966 katswiri wa ku Israel, Moshe Tal, anafotokoza za mitundu itatu ya tomato wachilema, flacca, sitiens ndi notabilis, imene imafota ngakhale dothi lili lonyowa chifukwa timabowo take sititseka bwino. Patapita zaka zochepa zinapezeka kuti flacca akamupopera ABA amadzuka n'kumakula monga tomato wina aliyense. Chimene ankasowa chinali homoniyo.

Kutsekako kumapulumutsa moyo wa mbewu, koma si kwaulere. Mpweya sulowa, shuga sapangidwa, ndipo zipatso zimene zikudikira shugayo zimalandira wochepa. Tsamba limatenthanso, poti madzi otuluka aja ndiwo amaliziziritsa. Tomato amene watseka timabowo kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo wataya maola abwino kwambiri a dzuwa, ngakhale mawa lake aoneke wathanzi.

Kufota nako kuli mitundumitundu. Dzuwa lili paliwombo nsonga zitha kuzyolika pang'ono ngakhale dothi lili ndi chinyezi, kungoti masamba akutaya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ikukokera. Pofika madzulo zimadzuka, ndipo kumeneko si koopsa kwenikweni. Koopsa ndi kupeza mbewu ikadali yofota m'mamawa, mame asanakamuke.

Pansi pa nthaka palinso nkhani yake. Tomato wofesedwa pamalo pomwepo osawokedwa, m'dothi lakuya, mizu yake itha kufika mita imodzi ndi theka. Koma wathu wambiri amachokera ku nazale, ndipo pozula mbande muzu waukulu wapakati umaduka, m'malo mwake mumaphuka mizu yambiri yoyanza cham'mbali. Madzi opitirira magawo 80 pa 100 mbewu imawakoka m'masentimita 50 mpaka 70 a pamwamba. Tsono wothirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kungozimitsa fumbi, amazoloweza mizu kukhala pamwamba penipeni, pomwe pamauma msanga. Akangolephera kupita kudimba tsiku limodzi mbewu ilibe kothawira. Ludzu limene tomato wamng'ono amapinduladi nalo ndi la ku nazale: kuchepetsa madzi sabata yomaliza musanawoke kumakhwimitsa mbande, moti sizigwa zikafika kumunda.

Nthawi ya maluwa

Ludzu lofanana limaononga mosiyana malinga ndi msinkhu wa mbewu. Mu 1979 FAO inasindikiza ziwerengero zoonetsa zimenezi pa mbewu zosiyanasiyana, ndipo za tomato zimanena motere. Akasowa magawo 10 pa 100 a madzi amene akufunika pamene akungokula masamba, zokolola zimatsika ndi magawo pafupifupi 4. Kusowa komweko kukachitika pa maluwa zimatsika ndi 11, pamene zipatso zikukula ndi 8, ndipo pamene zikupsa ndi 4. Manambalawa ndi oyerekeza, amasintha ndi dothi ndi mtundu wa tomato, koma chimene akuloza n'choona paliponse. Ngati madzi ndi operewera ndipo muyenera kusankha pomana, manani poyambirira pang'ono kapena kumapeto. Pa maluwa ayi.

Yang'anitsitsani kaphesi ka duwa la tomato. Chapakati pake pali kamfundo kotupa pang'ono. Mbewu ikapanikizika, kamfundoko kamasanduka kachikasu, ndipo ukangokhudza duwa limathothokera pomwepo, kutsala kachitsa. Mbewu yataya dala mwana amene yaona kuti singathe kumulera. Ngakhale duwa likapanda kuyoyoka, mungu wake umakhala wochepa ndi wofooka. Duwa la tomato limadzipatsa lokha mungu, ndipo mungu wamoyo ukachepa njere zimachepanso. Chipatso cha njere zochepa chimakhala chaching'ono, nthawi zina chamakonamakona, chopanda kanthu m'kati.

Kutentha kumawonjezera moto. Masana kukamapitirira madigiri 32, usiku osatsika pansi pa 21 kapena 22, mungu wa tomato umaonongeka ngakhale madzi alipo okwanira, ndipo mbewu yaludzu imene yaleka kudziziziritsa imafika msanga pa malire amenewo. Ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mu Okutobala kutentha kopitirira madigiri 35 si nkhani, tomato amayanja miyezi yozizira. Kumapiri kwa Dedza, Ntcheu ndi Mzimba nyengo imalolera nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa china chimene m'mbali mwa msewu pa Bembeke, pa Lizulu ndi pa Jenda mumafiira tomato.

Mitundu imene imangokula osaima, yomangirira kumitengo, ilibe nyengo imodzi ya maluwa. Pamene tsango loyamba likupsa, lachitatu likukula, lachisanu likuchita maluwa. Choncho mbiri yonse ya kathiriridwe imalembeka pa tsinde. Tsango lam'munsi lodzaza, lotsatira lodzaza, kenako lina lili ndi zipatso ziwiri zokha ndi tizitsa tinayi, pamwamba pake zipatso zayambanso bwino. Mukawerenga chobwerera m'mbuyo mupeza sabata imene dimba linagona ndi ludzu.

Kukula kwa chipatso nako kumagamulidwa msanga. Masabata awiri oyamba duwa litagwira, maselo a chipatso amagawikana n'kuchuluka, kenako amaleka kugawikana n'kuyamba kufufuma. Ludzu la masabata oyambawo limasiya chipatso ndi maselo ochepa, ndipo madzi obwera pambuyo sangawonjezere ena.

Chibanga chakuda chija

Mbewu ili ndi mitsempha ya mitundu iwiri. Ya xylem imanyamula madzi ndi mchere wa m'nthaka kuchokera kumizu kupita m'mwamba. Ya phloem imanyamula shuga kuchokera m'masamba kupita kulikonse kumene kukukula. Chipatso cha tomato chimalandira madzi ake ambiri kudzera mu phloem, pamodzi ndi shuga, ndipo gawo la xylem limanka licheperachepera chipatso chikamakula. Koma pali mchere umodzi umene sumayenda mu phloem, kashiamu. Iyeyu amayenda mu xylem basi, ndipo akafika pamalo wafika, sasamukanso kuchoka m'tsamba lakale kupita kuchipatso.

Kashiamu ali ngati munthu wokwera matola: amapita kumene galimoto ikupita, osati kumene iye akufunika. Madzi a mu xylem amathamangira kumene akutuluka kwambiri, ndiye kumasamba. Chipatso chimataya madzi ochepa kwambiri, motero chimakoka ochepa. Tsiku lotentha, lamphepo, dothi louma, masamba amatenga pafupifupi onse. Kunsi kwa chipatso, kumene kunali duwa, ndiko kutali kwambiri ndi kaphesi, ndipo timitsempha ta xylem tofika kumeneko n'tochepa. Cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, pamene chipatso chikufufuma mwachangu, maselo a kumeneko amafuna kashiamu womangira makoma awo. Akasowa, makomawo amafooka, maselo amadontha n'kufa. Poyamba pamaoneka kadontho konga ponyowa, kenako pamachita bulauni, kenako pamada n'kuphwa. Chuku chimabwera pambuyo pake kudzadya zimene zafa kale, ndipo chikayanga pachibangapo m'pamene munthu amatsimikiza kuti ndi matenda. Chipatso chotere chimafiiranso msanga kuposa zinzake.

Nthawi zambiri kashiamu m'dothi amakhalamo wokwanira. Chosowa ndi madzi oyenda mosadukiza oti amunyamule. N'zoona kuti pali nthaka za asidi wambiri, makamaka m'madera a mvula yochuluka, zimene zimafunadi laimu, koma zimenezo zimadziwika poyezetsa dothi, monga ku malo a kafukufuku a Chitedze kapena Bvumbwe, osati pongoyang'ana chipatso. Pali akatswiri ena amene amatsutsa kuti kusowa kwa kashiamu ndiko gwero lenileni. Iwo amati kupanikizika kwa mbewu ndiko kumayamba kuononga maselo, kashiamu n'kumachepa pambuyo pake. Kwa mlimi mkanganowu susintha kanthu, chifukwa mbali zonse ziwiri zikuloza ku chinthu chimodzi, ludzu lobwera chipatso chikadali chanthete.

Zina zimene timachita tokha zimakulitsa vutoli. Yureya wambiri amakulitsa masamba, ndipo masamba ambiri amalanda madzi ambiri. Nayitrojeni wa mtundu wa amoniyamu, komanso potaziyamu ndi maginiziyamu akachuluka, amapikisana ndi kashiamu polowa m'mizu. Kupalira mozama pafupi ndi tsinde kumadula timizu tanthete timene timakoka kashiamu. Feteleza wothiridwa wambiri pa dothi louma amakoka madzi m'malo moti mizu iwakoke, ndipo madzi amchere, monga a mijigo ina ya m'chigwa cha Shire, amachita zomwezo: dothi lioneka lonyowa koma mbewu ili ndi ludzu. Mtundu wa tomato nawo uli ndi gawo lake. Wa zipatso zazitali, wonga Roma ndi Tanya, amadwala kuola kwa kunsiku kuposa wobulungira wonga Money Maker, chonsecho wa zipatso zazitali uja ndiye amakondedwa ndi opikula chifukwa cholimba paulendo.

Za mankhwala a kashiamu opopera pamasamba, ine sindingalimbikitse munthu kuyambira pamenepo. Kashiamu wogwera patsamba amakhala patsamba pomwepo, ndipo wolowa kudzera pa khungu la chipatso ndi wochepa. Ndalama ya botololo ikanagwira ntchito yaikulu ikanagula mafuta a pampu kapena kulipira waganyu womweta udzu wophimbira. Zipatso zimene zada kale sizichira. Zithotholeni kuti mbewu isatayirepo shuga, ndipo musaope kuti zipatsira zinzake.

Kung'aluka ndi mbale wake wa kuola kwa kunsi, kungoti kumabwera kumapeto. Chipatso chimene chakulira m'ludzu chimakhala ndi khungu lolimba, losatambasuka. Madzi akabwera ambiri mwadzidzidzi, m'kati mumafufuma mofulumira kuposa khungu, ndipo limang'ambika, mwina mizere yochokera pakaphesi kutsika m'munsi, mwina mizere yozungulira phewa la chipatso. Chizimalupsa chimagwetsa alimi ambiri mwa njira imeneyi. Dimba lapirira Okutobala yense, tomato wayamba kufiira, usiku umodzi mvula yagwa yamphamvu, pakapita tsiku limodzi kapena awiri theka la zipatso zakupsa lang'aluka. Tomato wong'aluka mmodzi m'dengu amadontha, n'kuoletsa anzake galimoto isanafike ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mitambo ikayamba kusonkhana, kuli bwino kuthyola onse amene ayamba kusintha mtundu, akapsere pamthunzi.

Kufota ali m'madzi

M'dzinja, kapena kudambo la makande kumene madzi amadikha, vuto limatembenuka. Mizu imapuma, imafuna okosijeni amene amakhala m'timipata ta dothi. Madzi akadzaza timipatato, m'masiku ochepa chabe mizu imalephera kukoka madzi ngakhale yamira m'madzimo, ndipo timizu tanthete timayamba kufa. Mbewu imafota. Wosadziwa amawonjezera madzi ena.

Pali chizindikiro chosiyanitsa. Tomato womira, asanafote, mapesi a masamba ake amapindikira pansi masambawo akadali olimba. Mu 1980 Kent Bradford ndi Shang Fa Yang a ku yunivesite ya California ku Davis anaonetsa chimene chimachititsa. Mizu yosowa mpweya imapanga mankhwala otchedwa ACC, amene amakwera mu xylem, ndipo akafika kumasamba kumene kuli mpweya amasanduka mpweya wina wotchedwa ethylene. Ethylene ameneyu, yemwenso amapsetsa zipatso, ndiye amapinda mapesi, kusandutsa masamba am'munsi achikasu ndi kuyoyola maluwa. Patsinde, chapafupi ndi dothi, pamatuluka titokosi toyera timene timasanduka mizu yatsopano.

Musanathire madzi pa mbewu yofota, kumbani ndi dzanja pambali pake. Ngati pansi pali ponyowa, ludzu si la m'dothi. Zulani imodzi muone mizu. Ikakhala yabulauni, yofewa, yonunkha, yamira. Ikakhala ndi mfundomfundo zotupa, ndi tinyongolotsi ta m'mizu, timene timatsekereza madzi makamaka m'dothi lamchenga. Mizu ikaoneka bwino koma mbewu yafota yonse mwadzidzidzi ili yobiriwira, dulani kachidutswa ka tsinde lam'munsi mukaviike m'tambula ya madzi oyera osaigwedeza. Pakapita mphindi zochepa mukaona kautsi koyera kakutsika kuchokera podulapo, amenewo ndi matenda ofotetsa a bakiteriya, ndipo madzi othirira odutsa pamenepo amawafalitsa mzere wonse.

Mlimi mmodzi yemweyo amakumana ndi mbali zonse ziwiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anamiza minda m'chigawo chakumwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inaumitsa mbewu mu Febuluwale, mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Bedi la tomato wa dzinja liyenera kukhala lokwera, lokhala ndi ngalande, pamene la chilimwe liyenera kukhala lolowa pansi kuti lisunge madzi. Chilimwe chilinso ndi mlendo wake, akangaude ofiira, amene amaswana mwachangu kukatentha ndi kuuma, n'kumayamwa masamba a mbewu yofooka kale.

Ludzu limene limakometsa

Ambiri anaonapo kuti tomato wa chilimwe amakoma kuposa wa dzinja, ndipo wamng'ono womera yekha kudzala amaposa onse. Chifukwa china n'chakuti madzi olowa m'chipatso akachepa, shuga ndi asidi sizisungunuka kwambiri. Kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi a chipatso kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa Brix. Tomato wamba wa pamsika amakhala cha pa 4 kapena 5, pamene timatomato tating'ono timafika 7, 8 ngakhale kupitirira. Tomato amene wamanidwa madzi pang'ono pakupsa amakhala wa Brix yokwererapo, wolimba, wosachedwa kugwira msuzi mumphika.

Mayiko ena amachita zimenezi mwadala. Ku California alimi olima tomato wa kufakitale amachepetsa kapena kuleka kuthirira masabata omaliza, chifukwa fakitale yopanga phala la tomato imatha mafuta ambiri pophwetsa madzi, ndiye imafuna tomato wokhuthala. M'mbali mwa nyanja cha ku Santa Cruz amalima mtundu wa Early Girl osathirira mbande zikangogwira. Zipatso zake zimakhala zazing'ono, zotsekemera, zodula. Ku Sicily kuli tomato wotchedwa siccagno wolimidwanso chimodzimodzi. Ku Australia, m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a mphesa anayambitsa njira yothirira mbali imodzi ya mizu, inayo ikuuma, n'kumasinthasintha, pofuna kuti mbewu itseke pang'ono timabowo koma ikumwabe. Njirayi yayesedwanso pa tomato m'mayiko angapo.

Zimenezi zimakoma kumva, koma ndisanazitengere kudimba la ku Ntcheu ndingafunse mafunso awiri. Loyamba, dothi ndi nyengo zikufanana kodi? Alimi a ku Santa Cruz amadalira dothi lakuya losunga mvula ya nyengo yozizira, komanso nkhungu yochokera kunyanja imene imaziziritsa masana. Okutobala wa kwathu alibe chifundo chotero. Lachiwiri, adzalipira kukomako ndani? Kukwera kwa Brix kumabwera ndi kutsika kwa kulemera. Msika wathu umagula ndi maso: mulu, beseni, dengu. Wopikula amafuna tomato wamkulu, wolimba, wosalala, ndipo salawa. Wolima wodya pakhomo, kapena amene ali ndi kasitomala wodziwa kusiyanitsa, atha kusewera nalo ludzu. Wogulitsa padengu angotengapo kachigawo kamodzi: pa mitundu yaifupi imene imapsa nthawi imodzi, zipatso zambiri zikafika msinkhu n'kuyamba kusintha mtundu, achepetse madzi pang'onopang'ono. Pa mitundu yomangirira, imene pamwamba ikadali ndi maluwa, kuchepetsako kumakometsa tsango lam'munsi n'kupha lam'mwamba.

Ludzu likapyola malire ubwino wonse umatha. Masamba akayoyoka zipatso zimakhala padzuwa, ndipo mbali yoyang'ana dzuwa imayera n'kupsa. Utoto wofiira wa tomato, lycopene, umaleka kupangika bwino chipatso chikatentha kupitirira madigiri 30 mpaka 32, ndiye m'malo mofiira chimakhala chachikasu chofiirira, mapewa osapsa. Abale a tomato a kutchire, monga Solanum pennellii wa ku Peru ndi Solanum chilense wa m'mphepete mwa chipululu cha Atacama, amapirira ludzu loti wathuyu sangalione, ndipo obereketsa mbewu amawagwiritsa ntchito pofunafuna mitundu yopirira. Koma zipatso zawo n'zazing'ono, zobiriwira, zosadyedwa. Chipatso chachikulu chamadzi chimene tinasankha ife anthu chimafuna madzi.

FAO imalangiza kuthirira pamene mbewu yamwa pafupifupi magawo 40 pa 100 a madzi amene dothi linasunga, osadikira kuti athe. Popanda makina, dzanja limathandiza. Kumbani masentimita 15 kapena 20 pambali pa phando, tapani dothi, fumbatani. Likaumbika n'kukhala chiumbikire, madzi alimo. Likamwazika mukangofumbatula, thirirani. Likachucha kapena kunyezimira, dikirani. Mchenga umasunga madzi ochepa, ndiye umafuna pafupipafupi. Katondo ndi makande zimasunga ambiri, ndiye zimafuna madzi olowa pansi ndithu koma patalipatali, makande asanayambe kung'aluka n'kudula mizu. Thirirani patsinde, makamaka m'mawa, osati pamasamba, poti masamba ogona onyowa amaitana chiwawu. Udzu wouma kapena mapesi ophimbira amachepetsa kuuma kwa pamwamba ndi kutentha kwa dothi, ndipo manyowa amathandiza mchenga kugwira madzi. Mapaipi odontheza, amene ambiri amangoti drip, ubwino wake waukulu pa tomato n'ngwakuti chinyezi sichikwera ndi kutsika kwambiri, bola madzi asefedwe, chifukwa matope a m'chitsime amatseka timabowo take, ndipo phando lotsekeredwa limafa ndi ludzu pakati pa anzake okhuta.

Chiganizo chachikulu chimapangidwa mbande zisanachoke ku nazale. Mu Juni chitsime chimakhala chodzaza, mphamvu zilipo, ndipo mtima umafuna kudzaza dimba lonse. Koma mapando oti muwoke awerengedwe potengera madzi amene chitsimecho chimapereka mu Okutobala, ndi manja amene adzakhalepo othirira sabata iliyonse ya maluwa. Ngati pa nthawiyo chimapereka ndowa 60 patsiku, ndiwo malita 1,200, ndipo pa malita 4 phando lililonse akwanira mapando 300. Ofuna ochulukirapo awoke m'magulu otalikirana masabata atatu kapena anayi, kuti onse asadzafike pa maluwa sabata imodzi.